Sitima ya Maine inaphulika, nyuzipepa zinakuwa, nkhondo inayamba (koma za telegalamu ija ndi bodza abale)

[Pa sikirini: doko la Havana usiku, phokoso la madzi pansipansi]

Usiku wa pa 15 Febuluwale 1898, nthawi ili 9:40, kapiteni wina wakhala m'kachipinda kake kumbuyo kwa sitima akulembera kalata mkazi wake. Kunja kuli zii, anyamata ake ambiri agona kale kutsogolo kwa sitimako. Mwadzidzidzi chiphokoso, magetsi thii, sitima yonse kunjenjemera, ndipo mmene amatulukira panja akupapasa makoma mumdima, kutsogolo kwa sitima yake kunali kutatheratu. Anthu opitirira 260 anafa. Pasanathe ndi masabata 10 omwe, America ndi Spain anali pankhondo.

Ndani anaphulitsa? Yankho lili kumapeto kwa vidiyoyi nde osathawa. Ndipo pakatikati apo ndikufuna ndiphwanye nkhambakamwa ina yake yomwe imandipsetsa mtima heve, yomwe mwina nanunso munaiwerengapo pa Facebook ili ndi chithunzi cha munthu wa kolala yayitali.

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Amene mwabwera koyamba, kabatani kofiira kali pansipo, dinani, sikaluma. Tiyeni.

Sitepe 1, maziko. Apa ndithamanga chifukwa ambiri mumadziwa kale.

Cuba inali koloni ya Spain kwa zaka pafupifupi 400. Mu Febuluwale 1895 anthu a ku Cuba anayambanso kumenyera ufulu wawo, mtsogoleri wawo José Martí anaphedwa mu Meyi chaka chomwecho koma nkhondo inapitirira. Spain inatumiza mkulu wa asilikali dzina lake Valeriano Weyler, ndipo mkuluyu anaganiza zoti njira yothana ndi zigawenga ndi kuchotsa anthu onse kumidzi nkuwaunjika m'matauni ozunguliridwa ndi asilikali, kuti zigawenga zisowe owapatsa chakudya. Anthu aja analibe minda, analibe mankhwala, oposa 100,000 anafa ndi njala ndi matenda. Ndipo zonsezi zimachitika pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Florida, komanso anthu a ku America anali ataika ndalama zambiri m'minda ya nzimbe ya ku Cuba komweko. Basi, maziko ndi amenewo. Sungani chinthu chimodzi m'mutu: nkhondo ku Cuba inalipo kale kuyambira 1895. Tichifuna kutsogoloku.

Sitepe 2, sitima ikufika.

Mu Januwale 1898 ku Havana kunabuka zipolowe, ndipo pulezidenti William McKinley anatumiza sitima yankhondo ya USS Maine, akuti ulendo wachibale. Eya, wachibale, utanyamula mizinga. Inafika pa 25 Januwale. Kenako pa 9 Febuluwale nyuzipepa ya New York Journal inasindikiza kalata yachinsinsi ya kazembe wa Spain ku Washington, Enrique Dupuy de Lôme, kalata yomwe inachita kubedwa, mmene kazembeyu amanena kuti McKinley ndi munthu wofooka wongofuna kuwomberedwa m'manja ndi gulu. Kazembe anatula pansi udindo. Patangopita masiku 6, sitima ija phuu.

Sitepe 3, usiku womwewo.

Apa ndikufuna muone chinthu chimodzi chomwe anthu sachikamba. M'sitimamo munali anthu pafupifupi 355. Asilikali wamba amagona kutsogolo, mabwana amagona kumbuyo, nchifukwa chake mwa onse amene anafa mabwana anali awiri okha. Ndipo amene anayamba kuthamangira kukavuula anthu m'madzi ena mwa iwo anali asilikali a Spain omwewo, a pa sitima yawo yotchedwa Alfonso XII yomwe inali chapafupi. Anatsitsa mabwato awo nkumatola anthu opsa.

Kapiteni uja, Charles Sigsbee, atapulumuka anakwera sitima ina ya anthu wamba yotchedwa City of Washington ndipo anatumiza uthenga ku boma lake. Mu uthengawo anaikamo mawu akuti anthu asafulumire kuweruza mpaka lipoti lina litabwera. Tamvani bwino, munthu amene sitima yake yamira, anyamata ake afa, iyeyo ndi amene akuti tadikirani kaye. Ndiye tiyeni tione amene sanadikire.

Tisanapite uko, ndalandira ma komenti ambiri pa vidiyo yatha ija akuti sound inali yotsika, ndamva, ndagula maikolofoni ina, ngati pano zikumveka bwino ingolembani kuti zikumveka pansipo, zimathandizanso kuti YouTube iwonetse vidiyoyi kwa anthu ena. Chabwino.

Sitepe 4, nyuzipepa.

Ku New York kunali madolo awiri olimbirana msika. Joseph Pulitzer anali ndi New York World, William Randolph Hearst anali ndi New York Journal yomwe anagula mu 1895 ndi ndalama za kwawo, bambo ake anali mpondamatiki wa migodi. Hearst anatsitsa mtengo mpaka senti imodzi, nkumaba atolankhani a mnzake powalonjeza malipiro okwera, anafika mpaka polanda wojambula makatuni a kamwana kovala mkanjo wachikasu, ndipo dzina loti utolankhani wachikasu linachokera pamenepo. Mitu ya nkhani zilembo zake ngati za pa chikwangwani, zithunzi zikuluzikulu, nkhani yothira mchere wambiri.

Pa 17 Febuluwale, patangopita masiku awiri, kafukufuku asanayambe nkomwe, Journal inalemba patsamba loyamba kuti kuphulika kwa Maine ndi ntchito ya mdani. Anaika ndi mphotho ya madola 50,000 kwa aliyense amene angapeze wochita chiwembucho. Anajambulanso chithunzi cha sitimayo ili pamadzi, pansi pake pali bomba, mawaya akuchokera pabombapo kupita kumtunda. Palibe munthu anaona bomba limenelo, wojambula anangolitenga m'mutu mwake, koma tangoganizani mwadzuka m'mawa mwagula pepa nkuona chithunzi chimenecho, mungafunsenso kuti umboni uli kuti? Masiku amenewo Journal imagulitsa makope opitirira 1 miliyoni patsiku. Ndipo posachedwa m'misewu munali mfuwu woti kumbukirani Maine, Spain apite kumoto.

Panali katswiri wina wa zida ku nthambi ya asilikali apamadzi, Philip Alger, amene anauza nyuzipepa ina ku Washington kuti kwa iye zikuoneka ngati moto unayambira m'kati mwa sitima momwemo. Theodore Roosevelt, amene nthawi imeneyo anali wachiwiri kwa nduna yoona za asilikali apamadzi, anakwiya naye kwambiri, ati akuikira kumbuyo Spain. Munthu wangonena zomwe akuona pa ntchito yake basi wasanduka kale wa mbali inayo.

Tsopano. Nkhambakamwa ija. Khalani bwino.

[Pa sikirini: chithunzi cha Hearst, kenako cha Remington]

Nkhani yake amaikamba chonchi. Akuti Hearst anatumiza katswiri wojambula zithunzi, Frederic Remington, ku Cuba. Remington atafika anatumiza telegalamu yoti kuno kuli bata, kulibe vuto, nkhondo sikukhala, ndikufuna ndibwerere. Ndiye akuti Hearst anayankha kuti khala komweko, iwe bweretsa zithunzi, ine ndibweretsa nkhondo.

Mawu okoma eti? Okoma kwambiri. Ali m'mabuku a sukulu za utolankhani, ali m'ma vidiyo a anzathu ena a pa YouTube pano omwe sinditchula maina, aliyense akafuna kuonetsa kuti nyuzipepa ndi zoopsa amathamangira mawu amenewa. Ine ndemwe ndinawakhulupirira kwa zaka. Koma abale, telegalamu imeneyi palibe anaionapo. Palibe. Osati ya Remington, osati ya Hearst, palibe pepala, palibe kope, palibe kalaliki wa ku positi amene anati ndinaitumiza ndine.

Nanga inachokera kuti? Kwa munthu mmodzi yekha, mtolankhani James Creelman, amene anailemba m'buku la zokumbukira moyo wake mu 1901. Funso ndi lakuti Creelman anali kuti nthawi yomwe Remington anali ku Cuba? Anali ku Havana? Ayi. Anali mu ofesi ya Hearst ku New York? Ayi. Anali ku Ulaya. Kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Ndipo m'bukumo sananene kuti anamva kwa ndani. Komanso chosekesa, iye sanailembe monyoza Hearst ayi, amamutama, ati taonani bwana wanga mmene amaonera patali. Anthu anadzaitembenuza pambuyo pake nkukhala mlandu. Hearst mwini wake anaikana nkhaniyi mu 1907, chabwino munganene kuti wakuba savomera, ndiye tisadalire iyeyo, tiyeni tione zinthu zina.

Choyamba, nthawi. Remington anali ku Cuba mu Januwale 1897. Maine inaphulika mu Febuluwale 1898. Miyezi 13 pakati. Anthu ambiri akamaikamba amaisakaniza ngati telegalamu inatumizidwa sitima itangomira, ayi, sitimayo nthawi imeneyo inali isanapite nkomwe ku Havana.

Chachiwiri, ndinati musunge chani m'mutu? Nkhondo inalipo kale. Munthu wamaso ake awiri angafike ku Cuba mu Januwale 1897 nkulemba kuti kuno kuli bata? Minda ya nzimbe ikuyaka, masitima apanjanji akuyenda ndi asilikali, anthu akufa m'misasa ya Weyler. Mnzake amene anapita naye limodzi, mtolankhani Richard Harding Davis, pa ulendo womwewo anaonerera mnyamata wina wa zigawenga akuwomberedwa ndi asilikali ku Santa Clara nkulemba nkhani yake. Zithunzi zomwe Remington anabwera nazo zimaonetsa nkhondo yomweyo. Ndiye Hearst akanalonjeza bwanji kubweretsa chinthu chomwe nyuzipepa yake imalemba tsiku ndi tsiku kuti chikuchitika?

Chachitatu, ndipo ichi nde chimandisangalatsa, ma telegalamu onse otuluka ndi olowa mu Havana amadutsa m'manja mwa akuluakulu a Spain omwe ntchito yawo inali kuwerenga ndi kufufuta. Atolankhani amavutika nawo mpaka ena amachita kutumiza nkhani zawo pa bwato kupita ku Key West, kachilumba ka ku Florida, kuti akazitumizire kumeneko. Ndiye mukundiuza kuti msilikali wa Spain wakhala pa desiki, wafika uthenga wochokera kwa mwini nyuzipepa wa ku New York woti ine ndibweretsa nkhondo, iye nkungodinda chidindo nkuti pititsani? Aaa abale. Akanaupachika pakhoma kuti dziko lonse lione.

Chachinayi, akuti Hearst anamuuza kuti khala komweko. Remington sanakhale. Anangotha pafupifupi sabata imodzi nkubwerera ku New York, ndipo Hearst m'malo momukwiyira anasindikiza zithunzi zake mokweza, dzina lake pamwamba. Bwana amene wakanidwa lamulo amachita choncho?

Katswiri wa mbiri ya utolankhani W. Joseph Campbell ndi amene anafukula zambiri mwa izi, ndipo mathero ake ndi akuti nkhaniyi ndi yopeka pafupifupi mosakayikitsa. Chomwe chinaikhomera m'mitu ya anthu ndi filimu ya Orson Welles ya 1941, Citizen Kane, momwe munthu wofanana ndi Hearst amayankhula mawu ofanana ndi amenewa. Ukaona chinthu pa filimu chimakhala ngati unaliko.

Nde taonani chomwe chimandiwawa. Anthu amatenga mawu opanda umboni, okoma m'khutu, ochokera kwa munthu mmodzi amene kunalibe, nkumawagwiritsa ntchito pophunzitsa anzawo kuti musamakhulupirire nkhani zopanda umboni. Kkkk. Chimenecho si utolankhani wachikasu womwewo?

Koma musandimve molakwa, ndikuona kale ena akulemba kuti ukuteteza Hearst. Ayi. Munthuyo zoipa zake zenizeni zilipo zokwanira, sitikusowa kumupekera zina. Mu Febuluwale 1897 Journal inasindikiza chithunzi cha Remington yemweyo choonetsa mtsikana wa ku Cuba ali mbulanda pa sitima ya Olivette, amuna a Spain atamuzungulira akumusecha. Anthu anapsa mtima. Kenako World ya Pulitzer inamupeza mtsikanayo ndipo iye anati ayi, anandisecha ndi mzimayi, m'chipinda, amuna anali panja. Remington anajambula chithunzicho ali ku New York, sanaone kanthu. Mu Okutobala chaka chomwecho Journal inatumiza mtolankhani wake Karl Decker kukathawitsa mtsikana wina, Evangelina Cisneros, m'ndende ku Havana, nkubwera naye ku New York ndi chisangalalo cha mtima bii. Ndipo nkhondo itayamba Journal inalemba patsamba loyamba kufunsa owerenga kuti mukuiona bwanji nkhondo ya Journal. Izi nde zoona, zili pa pepala, mukhoza kuziona. Munthuyo amafuna kuti anthu aziganiza kuti nkhondo anapanga ndi iye, ndipo ife tikamabwereza telegalamu ija tikungomuthandiza kutsatsa malonda ali kumanda.

Ngati mwafika pano, laiki imodzi basi, ndiyaulere. Ndipo amene mumafuna ma vidiyowa asanatuluke, linki ya umembala ili pansipo, ndi imene imalipira magetsi ndi bandulo.

Sitepe 5, nanga nkhondo inabwera bwanji ngati si Hearst yekha?

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. McKinley anali msilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, anali pa nkhondo yoopsa ya ku Antietam, mitembo anaiona, sanali munthu wothamangira nkhondo. Amalonda akuluakulu ambiri nawonso poyamba samaifuna. Koma zinthu zinaunjikana. Pa 9 Malichi nyumba ya malamulo inavomereza madola 50 miliyoni okonzekera nkhondo. Pa 17 Malichi seneta wa ku Vermont, Redfield Proctor, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Cuba, anaimirira nkufotokoza zomwe anaona m'misasa ija, mofatsa, mopanda kukuwa, ana otupa mimba, anthu ogona pansi. Akatswiri ambiri amati mawu ofatsa amenewo anasuntha anthu omwe mitu ya nkhani ya Hearst inalephera kuwasuntha, chifukwa Proctor sanali munthu wogulitsa pepa. Kumapeto kwa Malichi komiti yofufuza ya Kapiteni William Sampson inati sitima inaphulitsidwa ndi bomba la m'madzi kuchokera kunja, koma sinatchule amene analitchera. A Spain anachita kafukufuku wawo nkuti moto unayambira m'kati, umboni wawo wina unali woti padoko sipanayandame nsomba zakufa monga zimakhalira bomba likaphulika pansi pa madzi. Ku America palibe anawamvera.

Pa 11 Epulo McKinley anapita ndi uthenga ku nyumba ya malamulo, pa 25 Epulo nkhondo inalengezedwa. Pa 1 Meyi mkulu wa masitima ankhondo a America, George Dewey, anaphwasula masitima a Spain ku Manila ku Philippines, mu Julayi ena anamizidwa ku Santiago ku Cuba, mu Ogasiti kumenyana kunatha, pa 10 Disembala anasainirana pangano ku Paris. America inatenga Puerto Rico, Guam, ndi Philippines yomwe inalipira madola 20 miliyoni. Sitima yamira ku Havana, dziko lomwe likusintha mwini lili ku Asia, ndipo mu 1899 anthu a ku Philippines anayamba kumenyana ndi America yemweyo. Imeneyo ndi vidiyo ina, ikubwera.

Kwa ine ntchito yomwe nyuzipepa zinagwira ndi iyi: zinalanda nthawi. Sigsbee anapempha kuti anthu adikire, nyuzipepa zinapangitsa kuti kudikira kuoneke ngati mantha, ndipo wandale aliyense amene chisankho chinali kumudikira mu Novembala chaka chimenecho samafuna kutchedwa wamantha pamaso pa mabokosi a maliro. Udzu unali wouma kale, machesi anali Maine, nyuzipepa zinali mphepo.

Sitepe 6, nkhani ziwiri zina za masitima ndi nkhondo mwachangu chifukwa nthawi yatha.

Lusitania, sitima ya anthu wamba ya ku Britain. Inamizidwa ndi sitima yapansi pamadzi ya Germany pa 7 Meyi 1915, anthu pafupifupi 1,200 anafa, 128 mwa iwo a ku America. Anthu amati ndi imene inalowetsa America mu nkhondo yoyamba yapadziko lonse. America inalowa mu Epulo 1917, patapita pafupifupi zaka ziwiri. Werengani nokha.

Gulf of Tonkin, nyanja ya kufupi ndi Vietnam, Ogasiti 1964. Pa 2 Ogasiti sitima ya USS Maddox inawomberanadi ndi mabwato a North Vietnam. Pa 4 Ogasiti kunabwera lipoti loti aukiridwanso, koma patangopita maola ochepa mkulu wa masitimawo, John Herrick, anatumiza uthenga wokayikira, ati nyengo inasokoneza makina komanso anyamata omvetsera pansi pa madzi anali ndi phuma. Nyuzipepa zinalemba zomwe boma linanena. Pa 7 Ogasiti nyumba ya malamulo inapatsa pulezidenti Lyndon Johnson mphamvu zomenya nkhondo, ku Senate mavoti anali 88 kwa 2. Zikalata za bungwe la ukazitape la America la NSA zomwe zinatulutsidwa mu 2005 zinaonetsa kuti kuukira kwachiwiriko sikunachitike. Mwaona? Kapiteni wina, uthenga wina woti tadikirani.

Tsopano yankho lomwe ndinalonjeza, ndani anaphulitsa Maine.

Mu 1911 anamanga chimpanda kuzungulira sitimayo, anapopa madzi onse nkuiyang'ana ili pamatope, komiti yachiwiri inanenanso kuti kuphulika kunayambira kunja. Koma m'zaka za m'ma 1970 mkulu wina wa asilikali apamadzi a America, Admiral Hyman Rickover, anasonkhanitsa akatswiri, anaunikanso zithunzi za 1911 zija pogwiritsa ntchito zomwe zinaphunziridwa pa masitima ophulika pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo anapeza kuti kuphulika kunayambira m'kati. Maine imayendera malasha, ndipo mtundu wa malasha omwe imanyamula ukaunjikidwa m'chipinda chotsekeka umatha kutentha wokha mpaka kuyaka popanda wouyatsa. Chimodzi mwa zipinda za malashazo chinali khoma limodzi ndi chipinda chosungiramo zipolopolo ndi wonga. Chitsulo chatentha, wonga wagwira, basi. Zomwe ananena Alger uja, amene anamunena kuti ndi wa Spain. Mu 1998 National Geographic inachititsa kafukufuku wina wa pa kompyuta amene sanatseke khomo la bomba, nde mkangano ukadalipo, koma ine mukandifunsa ndili ku malasha, ndipo umboni woti boma la Spain linalamula chiwembu sunapezekepo mpaka lero.

Sitima yeniyeniyo simungaionenso. Pa 16 Malichi 1912 anaikoka kupita nayo pakati pa nyanja, mbendera ili pamwamba, anatsegula mavavu nkuimiza kachiwiri. Mlongoti wake waukulu uli ku manda a asilikali a Arlington ku America.

Lembani pansipo, inu muli ku bomba kapena ku malasha? Ndipo amene munaphunzitsidwa za telegalamu ija m'kalasi ndiuzeni, ndikufuna ndione kuti tilipo angati. Sabata yamawa tili ku Philippines, dinani kabelu kuti isakupiteni. Tionana.